Gologolo ndi Timabawuti ta Mchombo

Padangokhala, padangotero. Vomerani kuti tili tonse, poti wosavomera ndi amene amadzafunsa zam'mbuyo anzake akuseka zam'tsogolo.

Padali Gologolo, mkamwini pamudzi pa Mai Nungu. Adakwatira Nangondo, mwana wachisamba wa maiwo, ndipo monga mwa mwambo adasamukira kuchikamwini atanyamula zinthu ziwiri: bulangete ndi pakamwa. Iye ndi khasu sadali pa ubale. Chidamulowetsa pamudzipo n'chakuti pofunsira mbeta adati amadziwa za galimoto. Sikuti adanama kwenikweni. Adakulira m'mitengo ya mango imene amakanika amakonzera galimoto pansi pake, iye n'kumaonera ali pamwamba. Koma kuonera gule si kuvina.

Mai Nungu adali ndi galimoto ya bokosi kumbuyo, yogula ndi mtedza wa zaka zambiri. Ankaikonda kuposa mkamwini aliyense, ndipo mtima sunkakhala m'malo poopa akuba mabatire. Mantha amenewo adawanunkhiza Bwampini, tcheyamani wa msika, wogulitsa zitsulo zakale, bambo wa masaya otupa yemwe ankalankhula mano ali chilumire. Wamalonda wochenjera sagulitsa katundu, amagulitsa tulo. Bwampini adawagulitsa maiwo chivundikiro chachitsulo chobisa batire, n'kuchimanga ndi timabawuti tachilendo. Mutu wa kabawuti kalikonse udali wozungulira ndi wosalala, uli ndi kadzenje kooneka ngati nyenyezi, ndipo pakati pa nyenyeziyo padatuluka kachitsulo konga mchombo wa mwana.

"Wakuba akaona timeneti amalira n'kubwerera," adatero Bwampini. "Kiyi wake ndi mmodzi padziko lonse, ndipo ndi uyu, wanu."

Mabanja ambiri m'deralo adagulanso tulo tomweto, lililonse ndi kiyi wake mmodzi padziko lonse.

Tsiku lina galimoto idakana kulira. Akapotokola kiyi wa injini inkangoti tiki, tiki, basi.

Tsono mkamwini ndi apongozi ake sayang'anana kumaso, salankhulana. Pakakhala nkhani, imadzera pa chinthu china. Mai Nungu ankalankhula ndi mtondo, Gologolo ankayankha nkhokwe.

"Iwe mtondo," adatero Mai Nungu, "kodi sitidamve kuti pamudzi pano padabwera makanika?"

Gologolo adatembenukira nkhokwe. "Nkhokwe, uwauze amayi kuti matenda ndawamva. Ali pa batire. Mitu ya batire ikachita dzimbiri, moto sudutsa. Angondibwereka kiyi wa chivundikiro."

Minga ya Mai Nungu idadzuka pang'ono. "Mtondo, muuze kuti kiyi ali posungika. Makanika weniweni sapempha zida kwa apongozi."

Asadamalize, Bwampini adatulukira akukankha wilibala yatsopano, yopaka utoto wofiira.

"Pepani ndi maliro a galimoto, mayi," adatero cham'mano. "Zikafika apa sizidzukanso. Koma ine sindingakusiyeni mukuyenda pansi. Tisinthane. Tengani wilibala iyi, ine ndikoke chiphakasacho ndikaphwanye. Wilibala sifuna batire, sifuna mafuta, siti tiki."

Mai Nungu adaiyang'ana wilibala, adaiyang'ana galimoto, kenako adauyang'ana mtondo.

"Mtondo, imva bwino. Tsiku la msika likubwerali, galimoto ikapanda kulira, a Tcheya aikoke. Ndipo chingwe chomwecho chikokenso wina ndi bulangete lake. Koma andiswere chivundikiro changa kapena kuwononga batire, asadikire n'komwe tsiku la msika."

Nangondo adagwira pakamwa. Gologolo adamunong'oneza kuti, "Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima."

Woyamba amene Gologolo adamuitana adali Nkhanu, mmisiri wa zidebe, wa manja opana kuposa pulayala.

"Timeneti?" adaseka Nkhanu. "Ine ndidazulapo dzino la Mvuu. Patukani, akamwini."

Adapana mutu wa kabawuti, dzanja lidaterereka. Adapananso, lidatererekanso. Kachitatu adapana ndi mphamvu zonse, n'kudzipana yekha dzanja linalo. Adachoka cham'mbali osatsanzika.

Pamenepo Gologolo adakwera pamwamba pa galimoto n'kuyamba nyimbo. Mkamwini sadandaula kwa apongozi, koma kuimba saletsedwa. Idali nyimbo ya mlendo wokwatira kutali, yodandaula za mwana wa mchombo amene wakana kutembenuka ngakhale amusisite, ndipo idatchula Nkhanu ndi dzanja lake lotupa. Povomera pake padali mfuu wautali, wofuna kuyasamula mpaka kum'mero kuoneke. Amayi opita kudambo adavomera. Nangondo adavomera. Ngakhale kuseri kwa mpanda kudamveka mawu ena okalamba akuvomera motsitsa. Bwampini, yemwe adabwera kudzaona ngati chiphakasa chake chili bwino, adangovomera cham'mphuno.

Wachiwiri adali Sajeni Njati, msilikali wopuma. Adafika akukankha wilibala yofiira, muli hamala ndi tchizulo.

"Nanenso ndidali nayo galimoto," adatero Njati. "Idafa imfa yomweyi. A Tcheya adandichitira chifundo. Yanga sindidaimenye, ndidaimvera chisoni. Iyi ndilibe nayo chibale."

"Pang'onopang'ono, a Sajeni. Batire lili pansi pomwepo."

"Ku usilikali kulibe pang'onopang'ono!"

Adaika tchizulo pa mutu wosalala uja n'kumenya. Tchizulo chidathawa, chidauluka, chidakaboola ndowa ya Mai Nungu. Kabawuti kadangoti phee, kopanda ndi chipsera chomwe.

"Mtondo," adamveka mawu kukhonde, "uyambe kumupindira bulangete."

Gologolo adakweranso pamwamba pa galimoto. Nyimbo idali yomwe ija, koma tsopano mudalowa Sajeni ndi ndowa yobooka. Mudzi wonse udavomera, Njati yemwe adavomera mpaka nkhuku zidathawa. Bwampini adavomera cham'mphuno.

Wachitatu adali Gogomole, kalipentala. Ameneyu adaganiza bwinoko. Adati vuto ndi kamchombo, kakathyoka kiyi wamba wa nyenyezi alowa. Adajompha, adajompha, moto n'kumathetheka. Kamchombo kadali ka chitsulo chouma. Gogomole adapita kwawo atamanga mutu ndi nsalu yonyowa, ndipo nyimbo idatalikanso.

Apa Gologolo adaona kuti mphamvu za eni zamuthera. Adatenga kachidutswa ka sopo, adakafewetsa ndi madzi, adakadinda pa mutu wa kabawuti. Nyenyezi idatuluka pa sopo yonse, ndi kabowo pakati pomwe padalowa mchombo. Adapita nako kumsika, benchi ndi benchi.

"Kiyi wa nyenyezi ndili naye," ankatero ogulitsa.

"Wobooka kunsonga?"

"Wobooka? Ndani angagule kiyi wobooka? Tenga uyu, ngwolimba."

Wina adamuonetsa sikuludiraiva ya mlomo umodzi, wina ya mtanda, wina sipanala yoti ingamange njanji. Wina adamuuza kuti vuto si kiyi koma amulodza, ndipo mankhwala ake ali nawo pansi pa benchi. Pamsika palibe wonena kuti ndilibe. Aliyense ali ndi chimene sukufuna.

Pomaliza adafika pa benchi ya Bwampini n'kumuonetsa sopo uja.

"A Tcheya, inu ndinu mudabweretsa timabawuti timeneti. Kiyi wobooka muli naye?"

"Mphwanga, ndidanena kale. Ndi mmodzi, ali ndi apongozi ako."

"Ndingobwereka. Ndikulimirani munda."

"Iwe kulima? Ndiye kuli bwino ndikupatse ulere." Bwampini adaseka milomo ili yotseka, masaya okha n'kumagwedezeka. Mkati mwa tsaya lakumanja mudalira kanthu kuti ngwee.

Gologolo adamva, koma adayang'ana kumbali ngati woona tomato.

Atafika kunyumba adamukokera Nangondo kuseri kwa khitchini.

"Mayi, ndiuzeni zoona. Kiyi wa amayi ali kuti?"

"Adandilumbiritsa."

"Ndiye mundisokere bulangete, lang'ambika pakona. Ndisachite manyazi panjira."

Nangondo adausa moyo. "Ali mkati."

"Mkati mwa chiyani?"

"Mwa chivundikiro. A Tcheya adawauza kuti malo osafikako wakuba ndi amenewo. Amayi adamukulunga m'kansalu n'kumuika pambali pa batire. Kenako adalowa m'nyumba kukawatungira a Tcheya thobwa. Potuluka adapeza ntchito yatha, zonse zomangidwa gwa. Adathokoza kwambiri. Adadzazindikira galimoto itafa, ndiye manyazi awagwira. Musaseke, ndi amayi anga!"

Gologolo sadaseke. Adakhala pansi, mchira uli njoo.

"Nangondo, kiyi ali mkati. Nanga chidamanga timabawuti kunja n'chiyani?"

"Mayo ine!"

"Eya. Ndipo wachiwiriyo ndikudziwa kumene amagona. Mudawaonapo a Tcheya akuyasamula?"

"Tikawauze amayi!"

"Tiwauze kuti adapusa? Ine ndidutse pa nkhokwe, iwo pa mtondo? Chingwe chindikoka lero lomwe. Ayi. Wakumanga ndiye akumasule. Mawa si kuli dima kumunda kwa amayi?"

"Inde, mudzi wonse ukalima, thobwa laphikidwa kale."

"Mukamva nyimbo yanga kuchokera kuno, mudzawauze anthu kuti thobwa lapsa, abwere onse."

Madzulo a tsikulo Gologolo adakoleza moto pafupi ndi njira yochokera kumsika, adatereka kamphika ka ulimbo, pambali adaika waya wautali. Bwampini akudutsa, iye adayamba nyimbo. Maimbidwe adali omwe aja, koma mawu adasintha. Tsopano sidali yodandaula. Inkanena kuti mwana wa mchombo wameza kiyi, koma mkamwini wapeza kabowo kolowera mawaya, ndipo mawa akaweruka ku dima adzamuwedza kiyiyo ndi ulimbo. Inkanenanso kuti akamuwedza adzapita naye kwa wosula, asule ambirimbiri, khomo lililonse likhale ndi wake.

Kabowo kadaliko ndithu, koma ngakhale nyerere yonenepa sikadadutsa. Gologolo adali atakayeza. Bwampini adakaboola kalekale, mothamanga, maso ali kukhomo kumene kunkachokera thobwa, ndipo kukula kwake sankakukumbukira. Tsiku limenelo ngakhale cham'mphuno sadavomere. Adangofulumiza miyendo.

Kutacha anthu adakhamukira ku dima. Gologolo adagwira khasu kutsogolo kwenikweni, n'kumalima mwa phokoso kuti aliyense amuone. Dzuwa litakwera, Bwampini adagwira pamimba.

"Ndikubwera, ndikaone kuseri."

Gologolo adamusiya apite. Adamaliza mzere wake, woyamba kuumaliza chikwatirireni, kenako adalowa m'mitengo. Njira ya pansi imakhota, ya m'nthambi sikhota. Adafika msanga n'kubisala mu mtengo wa mango umene galimoto inkagona pansi pake.

Bwampini adafika, adayang'ana uku ndi uku, adatsegula boneti. Adapisa chala m'tsaya lakumanja n'kutulutsa kakiyi kowala, ka nyenyezi, kobooka kunsonga. Adakalowetsa. Mchombo udalowa m'bowo ngati phazi mu nsapato yake. Adapotokola, ndipo kabawuti kamene kadagonjetsa Nkhanu, Sajeni ndi kalipentala kadatembenuka mofatsa ngati mwana womvera.

Mtima wa Gologolo unkafuna kudumpha, koma adaugwira. Munthu akamakugwirira ntchito yaulere, usamusokoneze.

Kabawuti kalikonse kakatuluka, Bwampini ankakaponya m'tsaya, poti chizolowezi sichifunsa. Katatuluka komaliza adanyamula chivundikiro, adatola kansalu kaja, adatulutsamo kiyi wa Mai Nungu, n'kumuponyanso m'tsaya. Wake uja adamuluma kaye kuti manja abwezere chivundikiro pamalo pake.

Pamenepo nyimbo idagwa kuchokera m'mwamba.

Bwampini adadzidzimuka, kiyi adalowa yekha m'kamwa. Kumunda Nangondo adakuwa kuti thobwa lapsa, ndipo palibe uthenga umene umathamangitsa anthu a pa dima kuposa umenewo. Bwampini asadaganize kothawira, bwalo lidali litadzaza. Adakwera msanga n'kukhala pa chivundikiro, miyendo ili lende.

"Mtondo," adatero Mai Nungu, "a Tcheya akutani pa batire langa?"

"Ndikulondera, mayi," adayankha Bwampini, mawu akutuluka ngati a munthu wodya mbatata yotentha. "Ndinaona ngati wakuba."

Gologolo adatsika mu mtengo n'kuima moyang'ana nkhokwe.

"Nkhokwe, uwathokoze a Tcheya m'malo mwa amayi. Mlonda wotere ngosowa. Tiwaimbire. Koma pa dima pali lamulo: wosavomera nyimbo samwa thobwa, ndipo amakhala kuti ali ndi mangawa ndi mwini munda. Si choncho, a Sajeni?"

"N'choncho!" adabangula Njati, yemwe kukhosi kudali kutauma.

Gologolo adayambitsa. Nyimbo idadutsa pa dzanja la Nkhanu, pa ndowa yobooka, pa mutu wa kalipentala, n'kufika povomera paja. Mudzi wonse udayasamula. Bwampini adavomera cham'mphuno.

"Sindinamve," adatero Gologolo. "Nkhokwe, wamva iwe?"

Adayambitsanso. Bwampini adatsegula milomo pang'ono ngati chitseko cha munthu wokana alendo.

Mai Nungu adasendera pafupi, minga yonse ili chiimire. "Mtondo, uwafunse a Tcheya ngati ndidawalakwira. Masiku onsewa akhala akuimba ndi mphuno pakhomo panga. Lero ndimve mawu awo."

Njati adaima mbali inayo, mpweya wake ukuwomba m'khutu mwa Bwampini. Gologolo adayambitsa kachitatu, mokweza, n'kuukoka mfuu uja kuti utalike. Kumanzere minga, kumanja nyanga. Bwampini adatseka maso n'kuyasamula.

Ngwee! Ngwerere! Timabawuti tidagwa pansi ngati matalala. Padagwa kiyi, padagwa kiyi wina. Padagwa kasupuni ka tiyi.

"Supuni yanga!" adakuwa Mai Nungu, kuiwala mtondo. "Ndidathamangitsa wantchito chifukwa cha supuni imeneyi!"

Njati adatola makiyi awiri aja, adawayika pamodzi pa chikhatho. Adali ofanana ngati mapasa.

"Mmodzi padziko lonse," adatero pang'onopang'ono. Adayang'ana makiyi, adayang'ana wilibala yake yofiira imene idali ndi makasu. "Wangatu nanenso ndidamuika mkati."

"Nanenso," adatero wina kumbuyo, motsitsa.

"Ifenso."

Anthu akuluakulu, a ndevu zawo, adayamba kuyang'ana zala zakumapazi. Bwampini adaona kuti mpata ndi womwewo. Adadumpha, adadutsa pakati pa miyendo ya Njati, adalowa kuuna wa pansi pa nkhokwe, mchira wokha n'kutsalira kunja kanthawi.

Gologolo sadamuthamangitse. Adanyamula chivundikiro n'kuchiika pambali. Mitu ya batire idali itamera zoyera zobiriwira ngati chimanga chofuka.

"Nangondo, madzi otentha ndi soda."

Adathira, zidachita thovu. Adamasula mawaya, adapala mitu ndi kampeni mpaka idawala, adabwezera, adamanga ndi sipanala. Aka kadali koyamba kuvina gule amene adakulira kuonera. Adalowa, adapotokola kiyi wa injini.

Galimoto idatsokomola. Idatsokomolanso. Kenako idabangula, utsi uli tolotolo.

Nthungululu zidamveka mpaka kumsika. Nangondo adavula mpango n'kumavina mozungulira galimoto. Njati adamunyamula Gologolo pa nyanga, Nkhanu n'kumaomba m'manja ndi dzanja limodzi. Nyimbo ija adaiimbanso, koma tsopano mwana wa mchombo adali atatembenuka, ndipo povomera pake panalibe mphuno ngakhale imodzi.

Tsiku la msika chingwe chidagwiradi ntchito. Njati ndi anzake adapita nacho kuseri kwa benchi ya Bwampini, kumene adapeza galimoto zawo zakufa zija zili zamoyo, zopakidwa utoto wina. Aliyense adasiya wilibala n'kutenga yake. Gologolo adayenda ndi kiyi wobooka khomo ndi khomo kumasula zivundikiro, ndipo mkati mwa chilichonse ankapezamo kansalu. Ankangopereka kansaluko kwa mwini wake ndi manja awiri, mwaulemu, ndipo ulemu umenewo unkawawa kuposa chipongwe.

Bwampini sadabwererenso pa utcheya. Mpaka lero amakhala kuuna, masaya ali otupa, ndipo mukakumba kwake mupezako masupuni, misomali ndi makiyi a eni.

Kwa Mai Nungu timabawuti adatibwezera tomwe tija, poti tidalibe mlandu. Kabawuti n'kabwino ukakhala ndi kiyi wake. Gologolo akumanga, maiwo adabwera ndi kiyi wawo atamukulunganso m'kansalu.

"Mtondo, muuze asatseke kaye. Ndikufuna ndiikemo aka."

"Amayi!" adakuwa Nangondo.

Mai Nungu adaima, adakayang'ana kansalu, adatsokomola. "Ndimangomuyesa," adatero, n'kumangirira kiyiyo m'khosi.

Tsono padatsala vuto limodzi. Mtedza udayenera kupita kumsika, woyendetsa adali Gologolo, ndipo Mai Nungu sakadakhala kumbuyo ngati thumba m'galimoto yawoyawo. Koma mpando wakutsogolo ndi umodzi, ndipo mkamwini sakhala phewa ndi phewa ndi apongozi. Adaganiza, adaganiza, kenako adatenga chitenje n'kuchipachika pakati, kuchokera pa galasi mpaka kumbuyo kwa mpando. Mtondo Mai Nungu adaukweza n'kuufungata pamiyendo.

Atayenda pang'ono, kuseri kwa chitenje kudamveka mawu.

"Mtondo, muuze makanika wathu achepetse liwiro."

Gologolo adachepetsa.

"Umuuzenso kuti bulangete lake lija n'long'ambika, likutichititsa manyazi. Tikafika kumsika asankhe lina. Lalikulu, lokhalitsa."

Nkhokwe idali itatsala kumudzi, ndiye Gologolo adalibe poyankhira. Adangoliza hutala, n'kuyamba nyimbo. Kuseri kwa chitenje adavomera, pakamwa ponse.

Yathera pompo. Kaphuleni mbatata zanu pamoto, yanga ndadya kale muli kuseka.